Khutu la Malemu

Mwamva kodi? Sabata yonse yathayi, pampopi, kusaluni, ngakhale pamzere wa kuchipatala, nkhani inali imodzi: akuti mayi wa makeke uja wapeza mwamuna. Umboni wake? Khutu. Eya, khutu la malemu amuna ake linasowa pa foni.

Dikirani ndikuyambireni poyambira. Mayi wa makeke amakhala kunyumba ya geti lobiriwira ija, pamodzi ndi apongozi ake ndi mlamu wake wamkazi, yemwe tonse timangomutcha Wailesi chifukwa sathima. Amuna ake anamwalira chaka ndi miyezi isanu yapitayo, mwana asanabadwe ndi mmodzi yemwe. Kwawo kulibe koti n'kubwerera: makolo anatha, kanyumba kawo alongo ake anagulitsa. Uvuni wake ndi ziwiya zake zonse zili m'khitchini ya apongozi.

Maliro atangotha, apongozi anatenga foni ya mayiyo n'kumusankhira okha dipi, kachithunzi kozungulira kaja komwe munthu amaona akafuna kukulembera. Anasankha chithunzi cha paukwati. Koma malemu anali wamtali ngati mlongoti, mkazi wake kamunthu kolekeza m'phewa, ndiye awiriwo m'kabwalo kaja sankakwanamo. Apongozi anachikoka ndi zala mpaka nkhope ya mwana wawo inadzaza bwalo lonse. Cha mkaziyo chinangotsala kansonga ka velo.

"Tsiku lomwe nkhope iyi idzachoke apa," anatero, "nawenso udzatulukira pa geti ilo."

Nanga inu mungayitanitse keke ya ukwati pa nambala yomwe ikukuyang'anani ndi maso a munthu wakufa? Mkwatibwi wina anangolemba kuti "pepani ndi zovuta" n'kuzimiririka. Mayiyo ankaona nkhope imeneyo akadzuka, akamayankha makasitomala, akamafunsa mtengo wa shuga. Ankamukonda mwamuna wake, zimenezo musakayike. Koma ankamva ngati atsekeredwa naye m'bokosi limodzi.

Chomwe chinkamutonthoza n'chimodzi. M'mawa uliwonse apongozi, ngakhale anali olusa chotero, ankamulembera ali kuchipinda kwawo kuti, "Wadzuka bwanji mwanangu?" Iye n'kumayankha kuti, "Ndadzuka bwino amayi."

Ndiye anayamba kuba malo. Lolemba lililonse, podikira keke kuti ipse, ankatsegula chithunzi chija n'kusuntha kabwalo pang'ono, ngati mulingo wa chikhadabo. Velo inakula. Kenako panatulukira nsidze yake, kenako diso lake limodzi. Mbali inayo, khutu la malemu linagwera kunja.

Amene anazitulukira ndi Wailesi, paja iyeyo amakulitsa zithunzi za anthu kuti awerenge ziphuphu. Anayamba waulutsa nkhaniyo kunja masiku asanu, Loweruka m'mawa ndiye anailowetsa m'nyumba.

"Amayi, thamangani! Achimwene awadula khutu!"

Apongozi analowa m'khitchini magalasi ali m'manja. Mayi wa makeke anali atangoika keke mu uvuni, manja ali mbuu ndi ufa.

"Khutu la mwana wanga lili kuti?"

"Lilipo amayi. Langotuluka m'kabwalomo."

"Latuluka lokha? Lili ndi miyendo?"

"Lero khutu, mawa diso," anatero Wailesi atatsamira chitseko, "mkuja tidzaona njonda ya ndevu. Ndi ndani, alamu? Wa mazira uja?"

"Alamu, inu musandiyambe," anayankha mayiyo. "Inuyo mchimwene wanu munamuchotsa pa dipi patangotha masiku atatu, n'kuikapo tsitsi lanu latsopano!"

Wailesi anadzigwira tsitsi lakelo. Mayiyo anagwada pasimenti, misozi ikulemba mizere pa ufa wa m'masaya.

"Amayi, mwamuna kulibe. Ndikungopempha nkhope yanga. Anaikidwa m'manda ndi iye, koma amene sakuoneka ndine."

"Ndinakuuza," anatero apongozi. Anapita kuchipinda, anatsitsa sutikesi ya mayiyo pamwamba pa wadirobu n'kuiponya pakhonde. "Longedza!" Chitseko chinati phaa, mpaka kalendala inagwa pakhoma.

Mayiyo analongedza. Anakokera sutikesi mpaka pa geti, n'kuima. Kumanja msewu, kumanzere msewu, koma wopita kwawo panalibe. Anaima pamenepo mpaka anamva fungo la keke ikupserera. Taonani zake! Munthu wathamangitsidwa, koma anathamangira m'nyumba momwemo kukapulumutsa keke ya eni.

Anapeza apongozi ataitulutsa kale. Anali atakhala pa kampando ka pafupi ndi uvuni, foni yawo ili m'manja, akulira mwakachetechete. Pagalasi la foniyo panali dipi ya mayiyo, yopanda khutu ija.

"Nambala ya mwana wanga a kampani ya mafoni anapatsa munthu wina," anatero apongozi osadzutsa mutu. "Ndikaitsegula ndimaona bambo wachilendo atanyamula nsomba. Ndinayesa kumuika pa yanga, koma ungadzilembere wekha? Pa yako pokha ndi pomwe amandiyankha."

Mayi wa makeke anawayang'ana.

"Ndiye moni uja... wa m'mawa uliwonse uja... sunali wanga?"

Keke yopserera inali kufuka utsi pakati pawo.

Abale, ine pamenepo ndikanafa. Chaka ndi miyezi isanu ukuyankha moni wa munthu wina! Koma mayiyo anapukuta manja pa epuloni, anatenga foni yake, anatsegula chithunzi chija. Anaika chala pa kabwalo n'kukakokera pansi, osati pang'ono ngati Lolemba, koma kamodzin'kamodzi, mpaka nkhope yake yonse inalowa, ikuseka mu velo. Anayesa kukulitsa kuti atsale yekha, koma chibwano chinkaduka. Anasiya choncho. Cha malemu chinatsala phewa la suti, kakona kakang'ono kakuda pamwamba.

"Amayi," anatero, "amene ankakuyankhani masiku onsewa ndine. Amene ankakuthirani mankhwala m'maso ndine. Mukandithamangitsa ndipita, ngakhale sindikudziwa koti. Koma kuyambira lero mukafuna kulemba, mulembere nkhope iyi."

Apongozi anadzuka n'kukadzitsekera. Tsiku lonse m'nyumbamo munali zii. Wailesi anayenda chonyang'ama ngati mphaka woba mkaka. Sutikesi inakhala pa geti pomwepo, palibe woitsegula, palibe woikankhira kunja.

M'mawa mwake foni inali chete. Sikisi inadutsa, seveni inadutsa. Mayiyo anasesa, anatsuka ziwiya zotsuka kale, nsapato zili kuphazi kudikira mawu oti nyamuka. Itakwana teni, foni inalira.

"Wadzuka bwanji mwanangu?"

Anawerenga kanayi, analira, anayankha. Sutikesi anailowetsa, koma mpaka lero akuti sanaimasule, ili kuseri kwa chitseko. Wailesi tsopano akuuza anthu kuti za wa mazira zija iye sananenepo.

Koma ine chikundisowetsa mtendere ndi kakona kakuda kaja, chifukwa kakadalipo. Inuyo mukuona bwanji: moni wa teni koloko uja apongozi analembera nkhope ija, kapena phewa lija?