Chikuku Chimene Chinkatsala Panja

Ukwati wa Troels Damgaard ndi Solvej unadalitsidwa m'tchalitchi, pamaso pa abusa ndi abale, osati zamasiku ano zoti mnyamata ndi mtsikana angonyamula masutikesi n'kuyamba kukhalira limodzi. Anthu a m'tauni ya Horsens amene anauona anabwerera kwawo akunena kuti banja ili lidzalimba, ndipo zaka zoyamba sizinawatsutse.

Troels anali kalipentala, munthu wosamwa, wosunga nthawi, wokhulupirira manja ake. Mpope ukadontha ankakonza yekha. Njinga ikaphwa ankamata yekha. Kulipira munthu wina kuti agwire ntchito ya m'nyumba mwake ankakuona ngati kudzichotsa ulemu. Khama ndi chinthu chabwino, ndipo sitilinyoza. Koma khama likasakanikirana ndi kunyada, limatseka makutu a mwini wake.

Mwana wawo Aksel anabadwa masamba atayamba kuthothoka m'mitengo. Tsiku lotsatira Troels anatsikira m'chipinda chapansi pa nyumba yosanjikizana imene ankakhala, n'kutulutsa chikuku cha mwana chachikale, chobiriwira, cha mateyala akuluakulu. M'chikuku chimenechi ndi mmene iye ankagona ali khanda. Mayi ake anachisunga zaka zonsezo kudikira mdzukulu, koma anamwalira asanamuone. Troels anachipukuta fumbi, anathira mafuta m'mateyala, ndipo Solvej ataona misozi ikulengeza m'maso mwa mwamuna wake, anamukumbatira.

Monga khanda lililonse la m'dziko lozizira limenelo, Aksel ankagona tulo ta masana panja. Amayi ake ankamuveka zaubweya, n'kumugoneka pachikopa cha nkhosa m'chikukumo, n'kumusiya pabwalo la pakati pa nyumba kuti apume mpweya wozizira. Koma chisanu chitakhwima, mwanayo anayamba chifuwa chosamva mankhwala. Namwino woyendera makanda m'makomo anabwera, anamupima, kenako anawerama n'kununkhiza m'chikuku. Anakweza nsalu yamkati n'kuloza timadontho takuda m'mbali mwa msoko. Chikukucho chinali chitachita nguwi chifukwa cha chinyezi cha m'chipinda chapansi chija.

Madzulo, akudya buledi wakuda ndi nsomba, Solvej anaiyamba nkhaniyo mosamala.

"Namwino akuti tikachipereke kwa akatswiri otsuka zikuku. Ali ndi makina a nthunzi amene amapha nguwi mpaka mkati."

"Akatswiri!" Troels anaseka. "Masiku ano aliyense wogwira bulashi ndi katswiri. Mawa timva kuti kwabwera akatswiri otipukuta mamina."

"Sindikuseka, Troels. Mwana akutsokomola."

"Mayi ankachitsuka okha ndi sopo ndi madzi otentha. Tandiyang'ane, kodi ndinafa?"

"Nthawi imeneyo chinali chisanakhale m'chinyezi zaka zonsezi."

"Ndichitsuka ndekha Loweruka. Chikuku cha mayi sichikagwiridwa ndi manja a mlendo ine ndili moyo. Nkhani yatha."

Loweruka anachitsukadi. Anagwada pabwalo m'chisanu, n'kupala nsalu ndi bulashi mpaka zala zinafiira. Madontho anachoka, ndipo iye anakwera makwerero akuimba mluzu. Patapita masiku madonthowo anabwerera, chifuwa nacho chili pomwepo. Solvej atamuonetsa, Troels anati ndi mthunzi chabe wa nsalu yakale, ndipo anatembenukira kukhoma.

Apa ndi pamene Solvej analakwa, ndipo tiyenera kunena mosabisa. Mkazi amene waona kuti mwana wake ali pangozi ali ndi ufulu woima pamaso pa mwamuna wake n'kunena kuti, "Ndikupita nacho, ufune usafune." Iye anaopa mkangano, anaopanso kupweteka mtima wa munthu amene anali akulirabe mayi ake. Choncho anasankha njira yachinsinsi, poganiza kuti ndiyo njira yachifundo.

Kufupi ndi doko kunali kanyumba kamene kale kanali galaja, ndipo mmenemo Villads Krogh ankatsukira zikuku ndi mipando ya ana ya m'galimoto. Anali bambo wadazi, wanthabwala, wokhala ndi mkazi ndi mwana wamkazi wapasukulu. Atayang'ana chikukucho anapukusa mutu.

"Mwamuna wanu wapala bwino ndithu, koma wapala kunja. Nguwi ili m'thonje lamkati. Pafunika kusula misoko, kuthira nthunzi, kenako kuumitsa pang'onopang'ono. Chisiyeni kuno masiku angapo."

"Sindingathe. Akapeza kuti palibe, m'nyumba muyaka moto."

"Aa, ndi mmodzi wa aja okonza zonse okha? Ndimawadziwa. Amabwera kuno mochedwa, atabisa nkhope m'chipewa ngati akulowa kwa dokotala wa matenda amanyazi."

Solvej anaseka, koyamba m'masabata ambiri. Anagwirizana kuti azibweretsa nsalu imodzi imodzi: lero denga la chikuku, likauma matiresi, kenako nsalu za m'mbali. Posowapo ankaphimba ndi chikopa cha nkhosa ndi pulasitiki ya mvula, ndipo Troels, amene nyengo imeneyo ankachoka kusanache n'kubwera dzuwa litalowa, sakanaona kanthu. Cholinga cha Solvej chinali chakuti pa tsiku la ubatizo wa Aksel adzaonetse mwamuna wake chikuku cha mayi ake chili mbee, n'kumuululira zonse.

M'kanyumba ka Villads munkadzaza nthunzi ndi fungo la sopo, malo osayenera khanda lachifuwa. Choncho Solvej ankachita zimene mayi aliyense wa kumeneko amachita akamalowa m'sitolo kapena momwera khofi: ankaimika chikuku pansi pa zenera, mwana ali mtulo, n'kulowa ndi nsalu m'chikwama komanso m'thumba kachipangizo komvera mwana akalira panja.

Pansi pa nyumba ya a Damgaard pankakhala Bodil, mayi wamasiye wopuma pantchito, amene basi yake yopita kwa mchemwali wake inkadutsa kudoko. Tsiku lina anakumana ndi Troels mosungira njinga.

"Troels, umandidziwa, ine sindilowerera nkhani za eni."

"Ndimakudziwani, Bodil. N'chifukwa chake ndaima kuti ndimve."

"Seka lero. Chikuku cha malemu mayi ako ndingachizindikire ngakhale pakati pa zikuku zana. Ndachiona kangapo kudoko, pakhomo pa wadazi wotsuka zikuku uja."

Nkhope ya Troels inauma. "Ndiye kuti wakachitsukitsa ine nditakana."

"Inenso ndinaganiza choncho poyamba. Koma iwe ndiwe mmisiri, taganiza. Ukapita ndi galimoto kugalaja, imatsala pamsewu? Chikukutu sichilowa. Chimatsala panja ndi mwana, chitseko n'kutsekedwa. Amene amalowa ndi mkazi wako."

Atanena zimenezi anakwera makwerero mopepukidwa, ngati munthu amene wagwira ntchito yachifundo. Lilime la munthu wosowa chochita ndi loopsa kuposa mpeni, chifukwa mwini wake amagona tulo tabwino atalasa mnzake. Bodil sananame. Ananena zimene anaona, n'kuwonjezapo zimene sanaone, ndipo Troels anameza zonse pamodzi.

Chikukucho chinali pomwepo pansi pa makwerero. Akanangokweza pulasitiki ndi chikopa, akanapeza mbali imodzi ilibe nsalu, ndipo akanamvetsa. Koma sanakweze. Angafufuze bwanji ntchito imene anaigwira yekha? Ngakhale chifuwa cha Aksel, chimene chinali chitayamba kuchepa, iye ankati chachepa chifukwa cha bulashi yake.

Atalowa m'nyumba anamva fungo la sopo wachilendo pampango wa Solvej ndi m'tsitsi lake.

"Unali kuti masana ano?"

"Kwa amayi anzanga a makanda. Tinali kumwa khofi."

"Khofi wake ndi wonunkhira bwanji! Akufika mpaka m'tsitsi."

"Ukutanthauza chiyani?"

"Palibe. Ndangoona kuti masiku ano ukuseka kwambiri. Ndikanakonda kudziwa amene akukuseketsa."

"Mwana wako akuchira, ndisaseke? Kodi walowa chiyani iwe?"

"Ine ndine chitsiru chogwada m'chisanu. Zisiye."

Solvej anatsegula pakamwa kuti aulule, koma ataona maso a mwamunayo anachita mantha. Anadziuza kuti kwatsala nsalu imodzi yokha, ndipo ubatizo uli pafupi. Troels naye sanatchule dzina la Villads. Funso limodzi lolunjika likanapulumutsa moyo wa munthu, koma wonyada safunsa, chifukwa amaopa yankho, ndipo amaopanso kuoneka kuti akuopa. Kuyambira tsiku limenelo, kuntchito Troels ankadula thabwa molakwika, maso ali pa chitseko chotseka chimene anali asanachionepo.

Lachisanu anaweruka masana osatsanzika. Sanavule ngakhale lamba wake wa zida. Atakhota pangodya ya kudoko, anachiona: chikuku cha mayi ake, chili chokha pansi pa zenera, mwana wake ali mtulo, chipale chofewa chikugwera papulasitiki. Galasi linali litachita nthunzi, koma anaona mitu iwiri itaweramira pamodzi, ndipo anamva kuseka kwa mkazi wake.

Anakankha chitseko. Villads anali atagwira dzanja la Solvej, akumuonetsa mmene angakanikizire mabatani a nsalu yomaliza kuti asang'ambe.

"Troels!" Solvej anafuula. "Dikira, ndikufotokozere."

"Mwana wanga panja ngati galu, iwe muno! Khofi uja ndi ameneyu?"

Troels anagwira Solvej pamkono n'kumukoka mwamphamvu mpaka anagunda tebulo. Villads analowa pakati, manja ali m'mwamba.

"Bambo, musiyeni. Khalani pansi, ndili ndi choti ndikuonetseni."

"Ndaona kale!"

Nyundo inali m'chiuno mwake, pamene inkakhala tsiku lililonse. Dzanja linaitenga ngati mmene linazolowerera. Anamenya kamodzi. Villads anagwa chagada pasimenti, ndipo sanadzukenso.

Makina a nthunzi ankangofwemphera. Solvej anagwada pambali pa munthuyo akulira, akuitana ambulansi. Pamenepo maso a Troels anagwera patebulo. Panali nsalu yobiriwira imene ankaidziwa kuyambira ali mwana, yoyera, yosokedwa bwino. Pambali pake, m'thumba lapulasitiki loonekera, munali thonje lakale limene Villads anachotsa mkati mwake, lakuda bii ngati mwaye. Analisunga dala kuti mwini chikuku adzaone pamene mwana wake ankatsamira mutu.

Kachipangizo ka m'thumba mwa Solvej kanalira. Aksel anali atadzuka panja, akulira ndi mawu amphamvu, opanda chifuwa n'komwe. Troels anaika nyundo pansi, n'kukhala pasimenti kudikira apolisi.

Kukhoti sanakane mlandu. Bodil anaperekera umboni akupukuta misozi, akuti iye anangotchula zimene anaona. Mkazi wa Villads anakhala kutsogolo ndi mwana wake wamkazi, osayang'ana kumbali. Woweruza, mayi waimvi wolankhula mofatsa, anafunsa woimbidwa mlandu funso limodzi.

"Bambo Damgaard, musanapite kudoko, kodi munayang'anamo m'chikukumo?"

"Ayi."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndinali nditachitsuka ndekha," Troels anatero.

Khoti linamupeza wolakwa pa mlandu wopha munthu, ndipo linamulamula kukakhala kundende zaka khumi ndi ziwiri.

Solvej anapita kukamuona kamodzi kokha, nyengo yachisanu itatha. Anakhala moyang'anizana m'kachipinda ka alendo, ngati anthu osadziwana.

"Bwanji sunandiuze?" Troels anafunsa.

"Ndinakuuza, Troels. Unati nkhani yatha. Chimene ndinalakwa n'chakuti ndinakunamiza, ndipo ndidzachisenza mpaka kumanda. Nanga iwe, bwanji sunandifunse?"

Troels anasintha nkhani. Anafunsa za mwana, ndipo anamva kuti Aksel anabatizidwa, mano awiri atuluka, chifuwa sichinabwererenso. Anafunsa za chikuku.

"Ndachibweza m'chipinda chapansi. Sindingamugonekemonso."

Solvej anaimirira, n'kumanga mpango wake, n'kutuluka osacheuka.

Inu amene muli pabanja, imvani. Kutsuka chikuku wekha si tchimo, ndipo kulipira wodziwa ntchitoyo si manyazi. Nzeru ndi kudziwa pamene manja ako alekezera, n'kulola mnzako akuuze. Nyumba imafuna dongosolo, koma dongosolo limene mwamuna sangatsutsidwe ndipo mkazi amayenera kubisa zabwino zimene akuchita, ndi lovunda mkati ngakhale kunja kuwale bwanji. Chifukwa cha zimenezi mtsikana wina akukula wopanda bambo, ndipo mnyamata wina adzadziwa bambo ake kudzera pakhomo la ndende.

Kundendeko Troels anapatsidwa ntchito yokolopa makonde. Amagwada m'mawa uliwonse ndi bulashi, ndipo alonda amati sanaonepo mkaidi wopala simenti mwakhama chotere. Ku Horsens, m'chipinda chapansi chija, chikuku cha mayi ake chaima mumdima, choyera kunja ndi mkati momwe, chifukwa cha manja a munthu amene iye anamupha.