Bwemba ndi Mtsinje Wouma

"Mtsinje wouma si pogona," anatero amayi ake a Tithokoze. "Tidzere kumlatho."

Palibe anawamvera. Ababa ankamanga ng'ombe pangolo. Agalu ankauwa. Tithokoze ankasisita kagalu kake.

Kagaluko dzina lake linali Bwemba. Kanali kofiirira. Kanali kakang'ono kuposa tinzake tonse. Tithokoze ankafuna chinthu chimodzi basi. Ankafuna Bwemba akafike bwino ku Kasisi.

Ku Kasisi kunali dimba la a Fanuel, amalume ake a Tithokoze. Anyani ankawathera chimanga. Tsono amalumewo anaimba foni. "Bwerani ndi agalu onse," anatero.

Agaluwo analipo ambiri! Panali Kambuku wothamanga. Panali Zaone waulesi. Panali Ndilekeni wa khutu logwa. Panalinso Mwatani, make wa tiagalu tisanu. Tiagaluto tinakwera ngolo, tili mudengu. Agalu akuluakulu ankatsatira pambuyo.

Gwede, gwede, gwede! Ngolo inanyamuka.

Dzuwa linali loswa mtengo. Malilime a agalu anali panja. Pansi pa mlambe anaima. Tithokoze anawathirira madzi m'mbale.

"Titho, tiagalu tilimo tonse?" anafunsa Amayi.

"Tilimo, Amayi."

Anayenda pang'ono.

"Titho, tilimo tonse?"

"Tilimo, Amayi. Mwafunsa kale!"

Anafika pamphambano. Njira ina inali ya kumlatho. Ina inali yachidule.

"Kumlatho n'kutali, amake Titho," anatero Ababa. "Tidulira apa."

Amayi anangomugwira Tithokoze dzanja.

Madzulo anafika pamtsinje. Munalibe madzi. Munali mchenga wokhawokha. Ng'ombe zinali zitatopa. Ababa anazimasula, n'kuzimangirira pamtengo wa msangu. Ngolo anaisiya pomwepo, pamtunda.

"Pamtunda pano pali minga," anatero Ababa. "Mumchenga ndi mofewa. Tigona m'menemo."

Anatsika. Anayala mphasa. Anazika timitengo, n'kupachika neti ya udzudzu. Kenako anakumba mchenga ndi manja. Madzi ozizira anatuluka. Agalu anamwa, khapa, khapa, khapa.

Amayi anaotcha mbatata. Koma maso awo anali kumapiri. Kumapiriko kunali mitambo yakuda bii.

"Abambo ake Titho, taonani uko."

Ababa anaseka. "Mvula ya kumapiri ndi ya eni ake akumapiri. Kuno kulibe ndi dontho lomwe."

Tithokoze anamuponyera Mwatani mbatata. Mwatani sanadye. Anakweza mphuno. Ananunkhiza mphepo. Kenako ananyamula kagalu kamodzi pakhosi. Anakwera nako kumtunda.

Tithokoze anakatenga. Anakabweza mudengu.

Mwatani anakanyamulanso. Anakwera nako.

Tithokoze anakabwezanso.

Mwatani anakanyamulanso!

"Iwe Mwatani, wandilemetsa," anatero Tithokoze. "Tenga tinato. Koma Bwemba agona ndi ine."

Anamuvundikira Bwemba ndi dengu. Pamwamba anaikapo mwala.

Kenako anapita kukadya. Ali mkati modya, anacheuka. Kambuku panalibe. Zaone panalibe. Ndilekeni panalibenso. Onse anali pamtunda, makutu ali njo!

"Kambuku, bwera!" Kambuku sanabwere.

"Zaone, nayi mbatata!" Zaone sanatsike. Chonsecho Zaone sakana chakudya.

Tithokoze anakoka chitenje cha amayi ake.

"Amayi, agalu onse akwera. Akuukana mchenga."

Amayi anaimirira msangamsanga. "Takhalani chete," anatero.

Onse anakhala chete. Kutali kunamveka mkokomo. Unali ngati wa lole yonyamula nzimbe. Koma uko kunalibe msewu.

"Madzi!" anakuwa Amayi. "Kwerani!"

Anamukoka Tithokoze. Ababa ananyamula mphasa ndi poto. Onse anakwera kumtunda, ali wefuwefu.

Tithokoze anawerenga tiagalu. Kamodzi. Tiwiri. Titatu. Tinayi.

"Bwemba!" analira. "Ndamuvundikira ndi dengu! Ndaikapo mwala!"

Anafuna kuthamangira kumusi. Amayi anamugwira zolimba.

"Iwe ayi, mwanangu. Iwe ayi."

Ababa anatsika ndi liwiro. Madzi anali atayamba kufika. Patsogolo panali thovu ndi zinyalala. Ababa anataya mwala uja. Anavundukula dengu.

Munalibe kanthu. Munali dzenje lokha.

"Bwererani!" anakuwa Amayi. "Bwererani msanga!"

Madzi anawafika m'maondo. Ababa anagwira muzu, n'kukwera. Dengu linali m'manja. Nsapato imodzi inatsala m'madzi.

Posakhalitsa mtsinje wonse unadzaza. Madzi ofiira ankathamanga. Anatenga neti. Anazimitsa moto. Pamene panali mphasa sipankaonekanso.

Tithokoze anayang'ana mudengu. Anayang'ana madzi. Misozi inatsika.

"Bwemba wapita," anatero.

Amayi anamufungatira.

Kenako kunamveka kamawu. "Nyii! Nyii!"

Tithokoze anatchera khutu.

"Nyii! Nyii!"

Kamawuko kankachokera pansi pa ngolo. Tithokoze anagwada. Anasuzumira. Mwatani anali atagona pamenepo. Mphuno yake inali mchenga wokhawokha. Zikhadabo zake zinali mchenga wokhawokha. Pambali pake panali kagalu kofiirira. Kankayamwa.

"Bwemba! Amayi, Bwemba uyu! Mwatani anakumba pansi pa dengu!"

Amayi anakhala pansi. Anaseka, uku akupukuta misozi.

Tithokoze anawerenganso. Kamodzi. Tiwiri. Titatu. Tinayi. Tisanu!

"Titho, tilipo tonse?" anafunsa Amayi.

"Tilipo tonse, Amayi. Funsaninso."

"Tilipo tonse?"

"Tonse!"

Ababa anamusisita Mwatani pamutu. Anamuthokoza m'Chisena. "Takhuta, Mwatani," anatero. "Zikomonso iwe Titho. Maso ako ndi akuthwa."

Kenako anayang'ana Amayi. Anakanda kumutu. Phazi limodzi linali lopanda nsapato.

"Nsapato yanu ija yanyamuka," anatero Amayi. "Mawa ikhala ili ku Nsanje."

Onse anaseka. Agalu anagwedeza michira.

Mdima unayamba kugwa. Ababa anasesa minga pansi pa msangu. Anayala mphasa. Koma sanakhale pansi. Anayang'ana kumapiri. Kunkang'animabe.

"Pumulani pang'ono," anatero. "Pano dzuwa silitipeza. Tinyamuka kusanache. Tidzera kumlatho."

"Kumlatho n'kutali, Ababa," anatero Tithokoze.

"N'kutali, inde," anatero Ababa. "Koma tikafika tonse."

Tithokoze anayala nsalu mudengu. Anaikamo tiagalu tonse tisanu. Denguyo analiika pafupi ndi Mwatani. Sanalivundikirenso.