Soketi Yachiwiri

Anafika mu ofesi atapanira mapulani kukhwapa. Mnyamata wojambula nyumba. Wamtali, wa pakamwa pozuna.

"Akuti ndinu amene mumayatsa nyumba isanamangidwe?"

Mtsikanayo anaseka. Ntchito yake inalidi yomweyo: kumanga nyumba pa kompyuta, kuikamo mababu, chitofu ndi galimoto zoyendera magetsi, n'kuona ngati mawaya adzapirire zonse zikamakoka moto.

Mwezi usanathe, foni inayamba kulira.

"Nyali yanga, wadya?"

"Popanda iwe ndine batire lakutha."

Madzulo aliwonse ankabwera kudzamutenga. M'mawa, zii. Ankati ntchito. Ndani akanakayika?

Tsiku lina mnyamatayo anayala mapulani atsopano pa desiki.

"Iyi ndi yathu, dali. M'galaja uikemo masoketi awiri otchajira galimoto. Ina yanga, ina ya mayi wa pakhomo."

Mayi wa pakhomo! Mtsikanayo anauza ngakhale azakhali ake, iwo n'kululutira pa foni.

Koma kompyuta simva zachikondi. Imafuna maola.

"Pali vuto, wokondedwa," anatero mtsikanayo akuloza mzere wofiira wa magetsi pa kompyuta. "Galimoto zonse zikamatchajidwa madzulo, chitofu chikuyaka, mawaya atentha. Pafunika akuluakulu."

Mnyamatayo sanadzutse n'komwe mutu pa mapulani ake.

"Sizidzakumana. Yanga madzulo. Inayo m'mawa, akaweruka kuchipatala."

Mtsikanayo anasiya kulemba. Chipatala? Iye amaweruka madzulo, mu ofesi yomwe ino!

"Akaweruka ndani?"

"Ndimangopereka chitsanzo."

"Chitsanzo chogwira ntchito ya usiku?"

"Dali, mvetsera. Ndi namwino amene makolo anga anandisankhira... Ine sindinafune..."

"Akwanu anakaonekera kale kwawo?"

Mnyamatayo anayang'ana nsapato zake.

Misozi inabwera, koma mtsikanayo anaimeza. Analemba maola aja mmene anawamvera. Mzere wofiira unatsika, unagawika pawiri. Kaphiri kam'mawa, kaphiri kamadzulo. Osakhudzana.

Anamutembenuzira kompyuta.

"Onani, bambo. Nyumba yanu ili bwinobwino, sidzapsa. Wina m'mawa, wina madzulo. Mumatha kugawa inu! Si mmene munatigawiranso ife?"

"Nyali yanga..."

"Mapulani anu awo. Chitseko mukuchidziwa."

Mtsikanayo ali m'basi yopita kwawo, foni inanjenjemera. "Ndikudikira panja pa ofesi. Tikambirane."

Anayang'ana kunja. Dzuwa linali litapendeka. Inde, madzulo, nthawi yake imene anamugawira.

Anazimitsa foni.