Ana a Kamba M'ndowa

Duangjai anali atangoviika nsalu zogonera alendo m'beseni pamene mkulu wake Somsri anatulukira, thukuta lili kamukamu.

"Siya zimenezo! Bwato la chibwenzi chako chija ndaliona likulowa kuphanga, litadzaza azungu."

"Phanga liti?"

"Uli ndi mapanga angati iwe?"

Duangjai anaimirira, thovu likuyenderera m'mikono.

Kuseri kwa phangalo kuli kagombe kobisika. Bwato limalowako pokhapokha nyanja ikaphwa, ndipo umayenera kudziwa miyala yozemba. N'kumene akamba a m'nyanja ankakwirira mazira awo. Njirayo anamuonetsa ndi malemu bambo ake, a Prasert, ndipo iye anaonetsa munthu mmodzi yekha: Anuwat, chibwenzi chakecho.

Anakumana padoko, tsiku limene sitima yochokera ku Krabi inachedwa. Mnyamatayo anamulandira dengu la zochapa, n'kumugulira mpunga womata wa mango. Basi, mwana wamkazi mutu unazungulira. Mpunga! Kodi kwawo kunalibe mpunga?

Mauthenga a pafoni ochokera kwa Anuwat ndiye ankagwa ngati mvula.

"Duwa langa, wadya?"

"Ngale yanga, nyanja yonseyi ndi yaing'ono poyerekeza ndi chikondi changa."

Tsiku limene anamulowetsa kuphanga, Anuwat anagwada pamchenga. "Malo ano ndi a ine ndi iwe basi. Ndikadzauza munthu, bwato langa lidzamire!"

Bwato silinamire. Duangjai analipeza lili bwinobwino, litakocheza pagombepo. Iye anali atadzera njira ya kumtunda, yamiyala, mpaka nkhwaira imodzi kuduka.

Anaima, namwaza maso pamchengapo.

Dzenje la mazira linali litafukulidwa ndi manja. Tiana ta kamba tinali m'ndowa ya penti, tikukwerana, dzuwa lili paliwombo. Alendo ankatenga kamodzikamodzi, kukapsompsona, kujambulitsa, kenako kukaika pamchenga wotentha ngati chiwaya. Tina tinali titauma kale, nyerere zili mbwee m'maso. Mphamba ziwiri zinkazungulira m'mwamba.

"Achimwene," anatero Duangjai, "mukutani?"

Anuwat anatembenuka, n'kumwetulira ngati palibe kanthu.

"Aa, ngale yanga! Bwera kuno, usakwiye. Zonsezi n'za ukwati wathu. Amayi ako ndiwapatsa chiyani pokufunsira? Mchenga?"

"Tianati sitinakhwime. Mukuona michomboyi? Timatuluka tokha, dzuwa likazizira."

"Alendo sadikira dzuwa, duwa langa. Sitima yawo inyamuka masana ano."

"Munagwada pompano."

"Iwe, tsitsa mawu. Anthu akutiyang'ana."

"Atiyang'ane! Atijambulenso, si ndizo abwerera?"

Duangjai analanda ndowa ija. Mayi wina wachizungu anabweza yekha kamwana kamene anali nako, manyazi atamugwira. Apo nkhope ya Anuwat inasintha. Uchi wonse uja unatha m'kamwa.

"Tamvera, mtsikana wochapa iwe. Ukuganiza kuti miyezi isanu yonseyi ndinkakunyamulira madengu chifukwa chiyani? Pachilumba pano atsikana atha? Aliyense amadziwa kuti njira ya phanga ili m'mutu mwa mwana wa Prasert."

Ha! Mawu otere, pamaso pa anthu!

Duangjai sanalire. Misozi ya chiyani, pa munthu wotere? Analavula pambali, nalowa m'madzi mpaka m'mawondo, pamthunzi wa thanthwe. Anapendeketsa ndowa pang'onopang'ono. Tina tinapalasa n'kupita. Tambiri tinangoyandama chagada.

Atafika kunyumba anapeza Somsri akumudikira pakhonde.

"Ndiye?"

"Ndiye chiyani? Imbani foni kwa oyang'anira zachilengedwe. Muwauze njira yonse, mwala ndi mwala. Aikepo mlonda."

"Bambo ankati tisauze munthu."

"Ndinauza kale galu. Bola tsopano tiuze anthu."

Foni ya Duangjai inalira. Unali uthenga wa Anuwat. "Mtima wanga, ndinangopsa mtima. Usauze aliyense, chonde. Ndimakukonda kuposa moyo wanga."

Anauwerenga kamodzi, nagadabuza foniyo pansi.

"Akuti chiyani?" anafunsa Somsri.

"Akuti ndiwonjezere sopo."

Madzi a m'beseni anali atatentha ndi dzuwa, thovu litaphwa. Nsalu za zipinda zisanu ndi chimodzi zinali zikumudikira, alendo atsopano akubwera mawa. Duangjai anakhala pakampando, nakoka yoyamba, nayamba kufikisa.