Kalaliki Amene Anakana Kupereka Makiyi

Nthawi inali 6:40 m'mawa, kunja kukuwaza kamvula koyamba patatha milungu itatu ya dzuwa, pamene Insipekita anafika pa kampani yobwereketsa magalimoto ya pamsewu wopita kubwalo la ndege. Mtembo unali kuseri kwa thanki ya madzi, utagona chammbali, nsapato imodzi itavuka. Anali kalaliki wa pakauntala, bambo wa zaka makumi asanu ndi zisanu, amene aliyense pamalopo ankamutchula kuti a Chidindo.

"Dzina limenelo linabwera bwanji?" Insipekita anafunsa mlonda amene anapeza mtembowo.

"Mapepala, bwana. Munthu akabwera kudzabwereka galimoto, iwowa ankawerenga laisensi ngati kalata ya chibwenzi, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Chikasowa chidindo chimodzi, makiyi simuwaona, ngakhale mutavala taye."

"Inu munafika nthawi yanji dzulo?"

"6 koloko madzulo. Geti linali lokankha, ofesi yotseka. Ndinangoti anthu aweruka."

Dokotala ananena kuti munthuyo anagundidwa ndi galimoto pakati pa 5 ndi 6 koloko madzulo, kenako n'kukokeredwa kuseriko. Galimotoyo sinavute kupeza. Inali yoyera, yoimikidwa chafutambuyo mushedi, yowongoka bwino pakati pa mizere iwiri, ulusi wa juzi ya malemuyo utakodwa pabampala. Sajeni, mayi wachangu amene anagwira ntchito ndi Insipekita zaka zisanu ndi ziwiri, anapisa dzanja m'thumba la ovololo yopachikidwa pamsomali m'shedimo n'kutulutsa makiyi.

"Ovololo ya makaniko," anatero mlonda, mawu akutsika. "Mlamu wawo wa malemuwa."

Pofika 9 koloko makaniko anali m'chipinda chofunsira mafunso, manja akuda ndi girizi ali patebulo.

"Dzulo masana munakangana ndi alamu anu," anatero Insipekita.

"Tinakangana."

"Nkhani yake?"

"Ndimafuna kutulutsa galimoto pamsewu kuti ndiyese mabuleki. Iwo akuti laisensi yanga inatha sabata yatha. Ine, amene ndimadziwa galimoto iliyonse pabwalo paja ngati mwana wanga."

"Munawauza chiyani?"

Makaniko anayang'ana pansi. "Ndinati tsiku lina mapepalawo adzawakwirira."

"Pamaso pa anthu?"

"Pamaso pa anthu. Koma alamu ndi ine timatukwanizana kuyambira tsiku limene anakwatira achemwali anga. Madzulo timadyera mbale imodzi. Ndinaweruka 5 koloko, wapansi, ndekha."

Mkulu wa siteshoni atamva izi anati nkhani yatha: makiyi alipo, mkangano ulipo, mawa munthuyo akaonekere kukhoti. Potuluka, Insipekita anapeza mkazi wa malemuyo atakhala pabenchi la m'khonde, mpango uli m'manja.

"Bwana," anatero mayiyo osakweza mawu, "amuna anga ali kumochale, mchimwene wanga ali m'chitokosi. Mundiuze woti ndiyambe kumulira."

"Mundipatse tsiku la lero, mayi."

Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi za ntchito, Insipekita anali asanaperekepo kukhoti munthu amene mtima wake ukumukayikira, ndipo sankafuna kuyamba ndi uyu. Nthawi ili 11 koloko anabwerera kubwaloko, natsekula galimoto yoyera ija n'kukhala pampando wa dalaivala. Sanagwire kanthu. Anangoyang'ana kutsogolo monga anayang'anira munthu womaliza kukhalapo. Galasi linali lafumbi, koma pafumbipo panali mauta awiri oyera, mmene mawaipa anadutsa ali ouma.

Anaitana mayi wolandira magalimoto akabwezedwa. "Mvula yayamba nthawi yanji?"

"M'bandakucha."

"Galimoto iyi yagona mushedi, ndi youma. Dzulo kunali dzuwa. Ndani amayatsa mawaipa padzuwa?"

Mayiyo anatsala pang'ono kuseka, kenako anakumbukira kuti pagwa maliro. "Alendo, bwana. Ochokera kumayiko amene chiwongolero chili mbali inayo. Akafuna indiketa, dzanja limapita kwa mawaipa. Mlendo timamudziwira pageti pomwepa, tsiku loyamba onse amapukuta galasi louma."

"Nanga makaniko?"

"Uja angayendetse ali m'tulo. Ndipotu pabwalo pano sayatsa indiketa n'komwe. Ayatsire ndani?"

Funso limenelo Insipekita analisunga. Galimotoyo inali isanabwerekedwe kwa masiku anayi. Choncho anapempha mapepala a alendo amene anafika dzulo koma osapatsidwa galimoto. Mayiyo anatulutsa fayilo yolembedwa kuti "Okanidwa". Kalaliki uja anali ndi chizolowezi chojambula pamakina pepala lililonse limene lafika pakauntala, ndipo akamukana munthu ankalemba chifukwa chake kumbuyo ndi cholembera chofiira.

Dzulo anakana awiri. Woyamba anali mayi wobwera ku msonkhano, amene anali ndi laisensi yakwawo yokha, yolembedwa m'zilembo zimene palibe akanawerenga, wopanda kabuku ka chilolezo choyendetsera galimoto m'mayiko ena. Mlendoyo akuti anachoka akukalipa, choncho Sajeni anathamangira ku hotela yake. Anabwerako 1 koloko atagwa mphwayi: anthu makumi anayi anamuona mayiyo akulankhula pamsonkhano dzulo mpaka 7 koloko madzulo.

Wachiwiri anali bambo wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu, wobadwira konkuno koma woyenda ndi pasipoti yakunja. Kabuku ka chilolezo anali nako. Kumbuyo kwa pepala lake kunali mawu ofiira: "Kabuku kamaperekedwa kwawo kwa munthu asananyamuke. Aka katuluka pa 14, mwini wake analowa m'dziko muno pa 9. Laisensi yakwawo, imene iyenera kuyenda ndi kabukuka, alibe. Ndakasunga m'dirowa. Mawa kupolisi."

M'dirowamo munalibe kabuku.

Pafomu ya bamboyo panali adiresi ya mlongo wake. Insipekita ndi Sajeni anafikako 2:15 masana. Inali nyumba ya njerwa yokhala ndi khonde lopolishidwa, ndipo pakhondepo panali bambo wamtali, wa imvi, wovala malaya oyera ositidwa mpaka m'makolala. Mlongo wake, mayi wachikulire, anatulutsa mipando mosangalala.

"Mwabwera kudzaona achimwene? Awa ayendetsa mabasi akuluakulu kunja zaka makumi atatu, osagunda ngakhale nkhuku. Loweruka anditenga pagalimoto, akandionetse mmene amachitira. Ine kutsogolo, ngati bwana."

"Tingowabwereka pang'ono, mayi," anatero Insipekita.

Bamboyo anaimirira osafunsa chifukwa. M'galimoto ya polisi anakhala mowongoka, manja pamaondo. Sajeni atakhota pamphambano yopanda munthu, mawu anachokera kumbuyo.

"Indiketa, mayi."

"Kulibe galimoto, bambo."

"Indiketa siyang'ana ngati kuli galimoto."

Insipekita anayang'ana kunja pawindo.

M'chipinda chofunsira mafunso, nthawi ili 3:30, anaika pepala lojambulidwa lija patebulo. "Kabuku aka ndi kanu?"

"Ndi kanga."

"Tatiwerengereni tsiku limene kanatuluka."

Bamboyo ananyamula pepalalo. Analitalikitsa, analiyandikitsa, analipendeketsa kuloza kuwindo. Kenako analibweza patebulo bwinobwino n'kuliwongola ndi zala.

"Laisensi yanu yakunja ili kuti, bambo?"

"Anandilanda. Chaka chatha." Analoza maso ake. "Kamtsikana kovala gawuni yoyera kanandiuza kuti ndiwerenge zilembo pakhoma. Zaka makumi atatu, mabasi a anthu makumi asanu ndi awiri, chipale chofewa, chifunga, zonse. Zinathera pa mzere wachinayi wa zilembo."

"Kunyumba kuno akudziwa?"

"Achemwali anasunga chithunzi changa cha yunifolomu pamwamba pa kabati. Ana onse a m'banja mwathu akula akumva za ine. Ndikanabwera kudzawauza kuti ndimakwera basi ngati katundu?"

"Ndiye kabukuka munakapeza kuti?"

"Kuseri kwa mashopu, kwa munthu wina wa makina osindikizira. Chitsirucho chinalemba tsiku limene ndinapitako."

"Dzulo munapita kangati kukampani kuja?"

"Kawiri. M'mawa anandikana n'kusunga kabuku. Ndinabwerera 5:20, nditaona kuti anthu achoka. Ndinawapempha ngati munthu wamkulu mnzawo. Ndinati sungani galimoto yanu, ingondibwezerani kabuku, nkhani ithere pano. Iwo akuti, 'Achimwene, ndikakubwezerani mupita kwa ena osawerenga, ndipo pamsewu pali ana a anthu.' Ana a anthu. Kundiuza ine."

"Kenako?"

"Makiyi anali pabolodi. Ndinati ndiwaonetse. Ndizungulire bwalo kamodzi, ndibwerere chafutambuyo, aone okha ngati manja awa ndi ofunika pepala."

"Potuluka mushedi munayatsa indiketa."

Bamboyo anadzutsa mutu. "Ndimayatsa nthawi zonse."

"Munayatsa mawaipa."

Kwa nthawi yoyamba nkhope yake inasintha, ngati munthu amene wapezeka ndi banga pamalaya. "Kamodzi kokha," anatero. "Ndinazimitsa pomwepo."

"A Chidindo anali pati?"

"Anathamangira kugeti. Anaganiza kuti ndikuthawa nayo. Anaima pakati, dzanja m'mwamba."

Insipekita anaika cholembera pansi. Ankadziwa kuti yankho lotsatira ndi limene lilekanitse ngozi ndi kupha, ndipo anafuna kuti bamboyo adziwenso. "Mumve bwino funso ili, ndipo muli ndi ufulu wodikira loya. Dzuwa linali litapendeka, galasi linali lafumbi, maso anu ndi amenewo. Kodi munawaona?"

Sajeni anasiya kulemba. Panja wina ankakoka mpando pasimenti.

"Musandinyoze, bwana," anatero bamboyo. "Munthu woima mamita khumi ndimamuona. Ndinawaona, juzi yawo yabuluu, dzanja lawo. Ndinaona munthu amene mawa akauza dziko lonse kuti sindine dalaivala. Phazi linali pabuleki. Ndinalichotsapo ndekha."

Zotsalazo anazinena mwadongosolo, ngati lipoti la pamapeto pa ulendo. Anakokera mtembo kuseri kwa thanki, anabweza galimoto pamalo pake, anatenga kabuku m'dirowa, anatseka ofesi, anakankha geti. Kabukuko kanali m'sutikesi kunyumba.

"Nanga makiyi m'thumba la ovololo?"

"Ndi chimene chinali pafupi."

"Mwini ovololoyo wakhala m'chitokosi kuyambira m'mawa."

"Sindinamuganizire," anatero bamboyo. Atasaina, anafunsa chinthu chimodzi chokha: ngati n'kotheka kuti mlongo wake auzidwe za imfayo, koma osati za maso.

"Za m'khoti zimamveka zonse," anatero Insipekita.

Makaniko anatulutsidwa 5 koloko. Mlongo wake, mkazi wa malemuyo, anali akadali pabenchi lija. Sanakumbatirane. Mayiyo anangomupatsa mpango kuti apukute manja, n'kutembenukira kwa Insipekita.

"Anafera chiyani amuna anga?"

"Anakana kupereka galimoto kwa munthu wosaona bwino, mayi. Anawerenga tsiku limene wina aliyense akanalidumpha. Ndipo cholembera chawo chofiira ndi chimene chamutulutsa mchimwene wanuyu."

Makaniko anapukuta manja nthawi yaitali. "Laisensi ija ndikakonzetsa," anatero, osayang'ana munthu. "Maliro akangotha."

Insipekita anabwerera kudesiki yake n'kuyamba kutayipa lipoti ndi zala ziwiri. Pamzere wa ntchito ya malemu analemba kuti: kalaliki wofufuza ziphaso, anafa ataima pantchito yake. Mkulu wa siteshoni, powerenga chapaphewa, anati mzerewo umangofuna mawu amodzi.

"Malo alipo, bwana," anatero Insipekita, ndipo anausiya momwemo.

Sajeni anasuzumira pakhomo. "Kuli bambo wina akuti amubera mafelemu a mawindo panyumba yosatha."

"Angati?"

"Akuti asanu ndi limodzi, koma mkazi wake akuti anayi."

"Alowe onse awiri," anatero Insipekita, akutsekula tsamba latsopano.