Phazi pa Matailosi

Ntchito ya Lettie madzulo aliwonse inali kukolopa nyumba yomwe sanagonemo n'kamodzi komwe. Mwamuna wake, Hezron Gondwe, anaimanga ku Chiweta pamchenga penipeni: mazenera aataliatali agalasi, matailosi oyera mbee, masola padenga, khonde loyang'ana kumadzi. Eni akewo ankagona m'kanyumba ka malata adzimbiri kuseri kwake. Pageti panali chikwangwani choti nyumbayi ikugulitsidwa, koma chinkachoka n'kubweranso ngati chimfine.

Ogula ankabwera ndithu. Woyamba anali m'busa wopuma; mdzukulu wake anatupa mwendo, basi maliro. Kenako namwino wina wa ku Mzuzu, naye mwana wake phazi linada bii ngati chikuni. Onse ankathawa, nyumba n'kuibweza kwa Gondwe pamtengo wozizira. Pamsika wa usipa anthu ankanong'onezana kuti maboti ake okha ndiwo amabwera odzaza, ndiponso kuti makoka ake akamakokedwa pamamveka wefuwefu wa ana, koma anawo osaoneka. M'nyumbamo munkanunkha ndere, Lettie athire sopo wotani.

Lettie sanali chitsiru ayi. Ankaona mmene Hezron ankauzira alendo kuti avule nsapato, aponde kaye m'madzi kenako alowe, ati amve kukoma kwa malo. Alendo akachoka ankalowa yekha ndi kansalu kakuda, n'kutapa mchenga wa paphazi laling'ono koposa onse. Mkaziyo ankadziwa, ankanyansidwa nazo, koma mantha anamusoka pakamwa.

Loweruka lina kunabwera a Willie, a ku Ntcheu koma ogwira ntchito ya boma ku Rumphi, ndi akazi awo ndi kamwana kawo Caleb. Kanali ka msinkhu umodzi ndi Tionge, mwana yekhayo wa Lettie. Ana inu! Nthawi yomweyo anagwirana manja, Caleb n'kunyema bisiketi yake kugawira mnzake. Mtima wa Lettie unawawa.

"Mayi, kuno n'kwabwino kulera ana?" anafunsa akazi a Willie.

"Kwabwino chomene," anatero Lettie, maso ali pansi.

Hezron ataperekeza alendo kugalimoto yawo kumsewu, Lettie anathamangira m'nyumba ndi chikolopa. Anafufuta mapazi onse a Caleb, kuyambira pakhonde mpaka kuchipinda, n'kutulukira khomo la kuseri kukataya madziwo kutali. Anamva kupepukidwa mumtima, anasekanso yekha pang'ono. Koma tsoka silinunkha. Tionge, atatopa kusewera m'madzi, analowera khomo la kumaso kufuna mayi ake, anapondaponda pabalaza, ataona kuti mulibe anatuluka.

Hezron anabwerako, analowa ndi kansalu kake, anatuluka akuimba mluzu.

Sabata isanathe Tionge anayamba kutsimphina. Phazi linatupa ngati dzungu. Kuchipatala anamubaya jakisoni, anapima magazi, osapeza kanthu. Pomwepo Lettie anazindikira, n'kupita kukafunsa mwamuna wake.

"Awiske Tionge, munatapa phazi la ndani?"

Hezron anatembenukira kunyanja.

"Masulani, ndapota nanu. Ndi magazi anu awa."

"Zikalowa m'madzi sizibwerera," anatero Hezron. "Anakutuma kukolopa ndani nthawi imene ija?"

Lettie anagwada, anamugwira miyendo, anapempha kuti atape phazi lake lomwe m'malo mwa la mwana. Mwamunayo anangomusasa ngati mchenga wa pathalauza. Ati la munthu wamkulu salandira kumeneko.

Tionge anamwalira masana dzuwa likuswa mtengo, akuitana mayi ake kuti amuchotse chingwe m'manja poti chikumucheka. M'manjamo munalibe chingwe chilichonse, koma zikhatho zinali zitasupuka.

Pamaliro, amayi a mpingo a Umanyano akuimba, foni ya Hezron inalira. Anadzuka pakati pa madoda, anazungulira kanyumba ka malata kaja, n'kukaima pansi pa zenera lomwe Lettie anakhala pafupi nalo atatsamira bokosi. Anali a Willie. Ati iwo asintha maganizo, koma mnzawo wina wa kuofesi akuifuna nyumbayo. Lettie anamva mawu onse.

"Yewo bwana, auzeni adzaione Loweruka," anatero Hezron, mawu ali myaa. "Koma asasiye ana kunyumba, adzasewereko m'madzi."