Ndowa ya M'boti la Bwana Musonda

Boti linafika ku Kanyama Lachiwiri masana, lili pa ngolo ya matayala awiri imene galimoto yobiriwira inkakoka movutikira m'matope. Munali mu Febuluwale wa 1979, mvula itakhazikika, madzi atadzaza m'tinjira ta m'komboni. Akulu ndi ana anatuluka kudzaonerera, pakuti ku Kanyama madzi ankabwera chaka ndi chaka koma boti linali lisanabwereko.

Analisiya pabwalo la Fadili, mmisiri wa matabwa amene anachoka ku Mangochi ali wachinyamata. Iye ankakhoma zitseko, mipando ndi mabokosi a maliro, ndipo ankadziwanso za maboti chifukwa amalume ake ndiyo inali ntchito yawo.

"Ni boti ya ba Musonda, ba maneja bathu," anatero Chisala, dalaivala amene analibweretsa. "Inagunda mwala ku Kafue, yang'ambika apa pansi. Kiyi ya mukati ni iyi. Vinthu va bwana osagwira."

Botilo aliyense ankalidziwa ndi mbiri. Ndi mmene ankagwira ntchito Goliati, bambo wamtali kuposa onse m'derali, amene nyumba yake inali mizere itatu kuchokera kwa Fadili. Loweruka lililonse ankaperekeza bwana wake ku mtsinje, kukaphika, kukatsuka ndi kukataya za m'chimbudzi. Masiku asanu ndi anayi m'mbuyomo, uthenga unabwera woti Goliati wagwera m'madzi usiku ndipo sanapezeke. Mkazi wake, Ennie, anali akadali pansi pamphasa, akulira maliro opanda mtembo.

Fadili atatsekula kachipinda ka m'boti, fungo linamubweza m'mbuyo. Munali timabedi tiwiri topapatiza, kashelefu ka matambula, ndipo pakona, kuseri kwa kansalu, panali chimbudzi: bokosi la matabwa lokhala ndi chivundikiro, pansi pake ndowa yachitsulo yolowa ndi kutuluka ngati dilowa. Pambali panali botolo la mankhwala abuluu othira m'ndowamo. Ndowayo inali yodzaza, itakhala choncho kuyambira tsiku la ngozi.

Sakanagwira ntchito m'fungo lotero. Anamanga nsanza kumphuno, nanyamula ndowayo ndi manja awiri, kutsika nayo pamakwerero pang'onopang'ono, kukaikhuthula m'chimbudzi chawo cha kuseri kwa nyumba, chimene nachonso madzi a mvula anali atatsala pang'ono kuchidzaza. Anaitsuka ndi phulusa, nathiramo mankhwala aja, naibwezera m'malo mwake. Kenako anasamba katatu ndi sopo asanayime pa swala, pemphero lake la madzulo.

M'mawa mwake loko anali wotseka monga anamusiyira. Koma atalowa, fungo linalimo, latsopano. Anakoka ndowa ija, napeza kuti munthu waigwiritsa ntchito usiku, ndipo munthuyo anali wodwala m'mimba, chifukwa munali zamadzimadzi zosakanikirana ndi magazi.

Poyamba anaganiza za anansi. Zimbudzi zambiri zinali zitagwa ndi mvula, ndipo anthu ankavutika kopita. Anakataya, natsuka, nachotsa loko wa bwana ndi kuikapo wake wa pabokosi la zipangizo, kiyi n'kumumangirira m'chiuno. Lachinayi m'mawa loko wakeyo anali wosakhudzidwa, koma ndowa inali yogwiritsidwanso ntchito.

Mkazi wake Safia anaitchula nkhaniyi kwa mnzake mmodzi yekha pampopi, koma pofika madzulo inali itazungulira komboni. Ena ankati Goliati sanadziwe kuti wafa, ndiye akubwerabe ku ntchito. Ena ankanong'ona zoopsa kuposa pamenepo. Masiku amenewo ndege za ku Rodeshiya zinali zitaponyapo mabomba pafupi ndi mzinda, nyali zinkazimitsidwa usiku, kuyenda mumdima kunali koletsedwa, ndipo mlendo aliyense ankayesedwa kazitape. Dzuwa litapendeka, a Nkole, tcheyamani wa chipani m'deralo, anaima pampanda osalowa.

"Tamvela ati muli na mulendo wamene agona mu boti," anatero mofatsa. "Imwe ba ku Malawi timakhala na imwe bwino. Koma ngati musunga munthu osatiuza, ine siningakuthandizeni."

Usiku umenewo Fadili sanagone. Mdima wa Kanyama wopanda nyali unali wokhuthala moti munthu sankaona dzanja lake. Mvula inkawaza pamalata mosalekeza, achule akulira m'maenje okumbamo miyala, ndipo madzi ankatsika m'ngalande ya kuseri ndi phokoso longa la anthu olankhula chapansipansi. Pakati pa usiku achule a pafupi ndi mpanda anasiya kulira. Kunamveka phazi likuzulidwa m'matope, kenako lina, mosafulumira. Zitsulo za ngolo ija zinalira ngati zalandira katundu wolemera. Panapita nthawi, ndiye chivundikiro cha chimbudzi chinagogoda thabwa, ndipo pambuyo pake panabwera kubuula kwa munthu wamkulu amene akuyesetsa kuti asamveke.

"Bambo, mwamva?" Safia ananong'ona.

"Ndamva."

"Musatuluke."

Sanatuluke. Anagona chagada mpaka kunayera. Atakwera m'boti anapeza mapazi a matope pamwamba pake, aakulu, opanda nsapato. Sanalowere kuchitseko. Analowera kutsogolo kwa boti, n'kuthera pa kachivundikiro kamene Fadili ankayesa kuti n'kokhomedwa.

Safia anamuyang'ana akutsuka ndowa kachinayi, nati, "Ine za mizimu sindizidziwa bwino. Koma wakufa satsekula m'mimba. Ameneyo ndi munthu, ndipo akapanda kuthandizidwa afera m'boti la eni, pakhomo pathu."

Choncho Lachisanu usiku Fadili anauza Safia kuti amutsekere m'kachipinda kaja ndi loko kunja. Anakhala pakabedi, sompho ili pamiyendo, tochi ili m'thumba. M'menemo mdima unali ndi fungo la mankhwala abuluu ndi la nsomba zakale. Madontho ankagwa padenga, chapafupi kwambiri ndi mutu wake. Anayamba kuwerenga mapemphero chamumtima, koma ankangoiwala pamene wafika.

Mapazi aja anabwera. Boti linapendekera mbali imodzi. Pamwamba pa mutu wake panamveka kachitsulo kakukanda, kakufunafuna, mpaka china chake chinati kwatcha, ndipo kachivundikiro kanatseguka, mphepo yozizira n'kulowa. Miyendo iwiri yaitali inatsika, kenako thupi lonse, likununkha matope. Fadili anayatsa tochi ataiphimba ndi zala.

Anali Goliati. Masaya anali atalowa, milomo itasweka, ndipo pamwamba pa khutu panali bala lotupa, lakuda. Anaima chowerama chifukwa denga linali lalifupi kwa iye, akuphethira ngati mwana wodzutsidwa.

"Ba Fadili," anatero ndi mawu otha mphamvu. "Zimyani. Niloleni poyamba, nalephela kupilila."

Fadili anazimitsa tochi, natembenukira kukhoma, kumusiya mnzake achite zimene anadzera. Anamva zonse, ndipo mantha ake anasanduka chisoni. Atatha, Goliati anakhala pansi, msana atatsamira bokosi la chimbudzi lija, nafotokoza monong'ona, akupumira pakati.

Usiku wa ngoziyo m'boti munali anthu atatu: bwana, iye, ndi mtsikana wina wa ku ofesi amene Goliati sankamudziwa dzina. Anakocheza pa kachilumba. Ndowa itadzaza, bwana anamutuma kukaitaya kumtunda, kutali ndi madzi, monga ankachitira nthawi zonse. Asanayambe n'komwe kukumba kadzenje anamva kukuwa, nabwerera ndowa ikadali m'manja. Anapeza bwana atagwada kumbuyo kwa boti, atagwira mtsikana uja tsitsi, mutu uli m'madzi, miyendo itasiya kale kuphiriphitha. Goliati anaika ndowa pansi m'botimo. Bwana anadzuka, natola nkhafi, namumenya nayo m'mutu. Madzi anamutenga, namukankhira m'bango, ndipo anayenda masiku anayi m'tchire akumwa madzi a m'zithaphwi.

"N'nafika usiku," anatero. "N'naona moto pa nyumba panga, bantu baimba nyimbo za malilo. Motoka ya bwana inali pamenepo, abweletsa unga na nkhuni. N'nabwelela. Masana nigona mu migodi ya myala. Manje mu mimba mwanipweteka, ndipo chimbuzi cha munthu siningangene, bazaniona. Ino boti niiziba kuchila nyumba yanga."

"Tipite kupolisi," anatero Fadili.

"Bakulu ba polisi bamamwela mu boti muno. Nine n'nali kubatsukila matambula."

Pomaliza Fadili analonjeza kuti mawa usiku adzabwera ndi mankhwala, phala, ndiponso Ennie. Goliati anamugwira dzanja, chikhatho chake chikutentha ngati mbaula, ndipo tambala woyamba asanalire anatulukira pomwe analowera.

Loweruka m'mawa galimoto yobiriwira inaimanso pampanda. Chisala anatsika ndi kapepala m'manja.

"Mutembo wa Goliati wapezeka," anatero. "Uli ku mochale. Bwana akuti mupange bokosi lelo, tikaika malilo mailo, pa Sondo. Muyeso ni uyu."

Fadili anawerenga kapepalako kawiri. Panalembedwa mafiti asanu ndi mainchesi awiri. Goliati ankawerama polowa pakhomo lililonse la m'Kanyama. Fadili anakumbukira mtsikana uja.

"Muyesowu ndi wolondola?"

"Munthu akakhala mu manzi amafota," Chisala anayankha, maso ali pa boti. Anayenda mozungulira ngolo, naima pamene panali mapazi aja, amene mvula inali isanafufute bwino. "Namvela ku mupopi ati chimbuzi cha bwana chikuvutitsani."

"Ndi ana a anansi," anatero Fadili.

Tsiku lonse anapala matabwa. Kawiri anavula epuloni kuti apite kwa Ennie, koma pofika pamzere wa nyumba yake ankaona amuna awiri achilendo, ovala nsapato zabwino, atakhala pakati pa olira, ndipo ankabwerera. Anadziuza kuti amuuza maliro akatha. Usiku analowa m'boti yekha, ndi mapiritsi ndi phala la m'kapu, nadikira. Achule analira mpaka m'bandakucha osadukiza. Chakutali, cha ku maenje a miyala, anamva galimoto ikuyenda pang'onopang'ono, ngakhale kuti nthawi imeneyo galimoto sizinkaloledwa. Inaima kanthawi, kenako inapita. Kutacha, phala linali litazizira ndipo ndowa inali yoyera monga anaitsukira.

Bokosi analitengera ku mochale lopanda kanthu, nalibweza litakhomedwa kale. Achibale anauzidwa kuti mtembo waonongeka kwambiri, sungaonedwe. Kumanda Fadili anagwira nawo chakumutu, ndipo amuna asanu ndi mmodzi analinyamula mopepuka moti mmodzi wa iwo anayang'ana anzake. A Musonda anayankhula mwachidule za wantchito wokhulupirika, napukuta m'maso ndi kansalu koyera.

Lolemba Chisala anabwera kudzatenga boti, ngakhale kuti ming'alu inali isanamatidwe yonse. Atamangirira ngolo, anasuzumira pawindo la galimoto.

"Bwana ayamikila pa kusamala ndowa," anatero. "Akuti uja wamene anali kukuvutitsani sazabwelanso."

Madzulo a tsiku lomwelo Ennie anafika pabwalo la Fadili, atavala zakuda, mutu wometa. Anaima pamene panali boti, pomwe matayala anasiya maenje awiri odzaza madzi. Safia anamuyalira mphasa koma iye sanakhale.

"Ba Fadili, imwe ndimwe munapanga chitseko cha nyumba yathu," anatero. "Munachitalikitsa chifukwa cha beve, amuna banga. Manje bokosi ija munaipimila ndani?"

Fadili anayang'ana kumpanda, nayang'ana mkazi wake, kenako anamuuza zonse, kuyambira pa ndowa yoyamba mpaka pa phala limene linazizira. Sanabise kuti Loweruka anafika kawiri pafupi ndi nyumba yake n'kubwerera. Ennie anamvetsera osagwetsa msozi.

"Ndiye banali moyo pamene n'nali kubalila," anatero. "Mizele itatu chabe."

"Mundikhululukire, mayi."

Ennie anafunsa kuti maenje a miyala amene ankagonamo ndi ati, ndipo Fadili anati sakudziwa, pakuti analipo oposa makumi atatu, ambiri odzaza madzi mpaka m'milomo. Mayiyo anamanga bwino chitenje chake, natuluka pampanda, koma sanakhotere kunyumba kwake. Analunjika kumaenje kuja, mdima ukugwa, ndipo Fadili ndi Safia anamumva akuitana dzina la mwamuna wake, osakweza mawu, pa dzenje loyamba, kenako pa lachiwiri.